Nsalu za Nhu Belmiro

Ku Bolama, tauni ya pachilumba, mvula ikati igwe, sigwa mocheza. Lachitatu lija inayamba masana, ndipo pofika madzulo denga la nyumba yosungira makalata akale linali litagonja pakona ya kunyanja. Mabokosi analipo ambirimbiri, koma madzi anasankha limodzi. Anatsikira m'bokosi la nambala 41.

Mayi wina, Nha Segunda Nanque, anali atasunga nyumba imeneyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mbiri yawo inali ya ukali. Ophunzira ankachokera ku Lisboa, ku Brazil, ngakhale ku Havana, kudzawerenga makalata a Chipwitikizi ndi a Chisipanishi amene anali m'menemo. Onsewo, ndi madigiri awo, ankayamba asamba m'manja pabeseni la pakhomo ngati ana a sukulu. Laibulale ina ya kutsidya kwa nyanja inatumiza kamera yoti mapepalawo ajambulidwe, zithunzi zake zikasungidwenso kumeneko. Mayiwo anali atajambula mabokosi makumi anayi. La 41 linali lisanajambulidwe, chifukwa magetsi anali atathima sabata yachiwiri ndipo batire linali litatha.

M'bokosimo munali mapepala a amuna amene apolisi a atsamunda anawagwira m'midzi nthawi ya nkhondo n'kuwatumiza kundende ya pachilumba china. Munthu aliyense anali ndi pepala lake: dzina, mudzi, tsiku logwidwa, ndipo kwa ambiri, tsiku lomwe anafa ndi pomwe anakwiriridwa. Kwina kulikonse padziko kunalibe mapepala ena onena za amuna amenewa.

Limodzi linali la Ocante Té. Mlongo wake, gogo wina wa kumtunda dzina lake Nha Ampa, ankabwera chaka ndi chaka mpunga ukakololedwa kudzafunsa ngati lapezeka. Akuluakulu a kwawo ankakana kuchita toka-tchur, mwambo wotsiriza wa maliro, kwa munthu amene palibe akudziwa manda ake. Ndiye Ocante anali atakhala zaka zoposa makumi asanu asanaperekezedwe kwa makolo ake. Sabata yapitayo Nha Segunda analipeza pepalalo litamatirira kuseri kwa linzake. Anatumiza uthenga, ndipo gogoyo anayankha kuti afika Lachinayi m'mawa nyanja ikadzaza.

Panali chinthu chimodzi chimene Nha Segunda sanauze aliyense. Pansi pa pepalalo panasainidwa dzina la womasulira amene anatsogolera apolisi kunyumba ya Ocante. Dzinalo linali Belmiro Gomes, mwini sitolo yaikulu ya kudoko, mkulu wa mpingo, bambo amene pa tsiku la ufulu ankamupatsa mpando wakutsogolo. Nhu Belmiro anali atamwalira kutulo Lolemba la sabata yomweyo, ndipo Lachitatu lija tauni yonse inali itapita kukagona kumaliro ake.

Odete, wogulitsa nsomba zootcha kutsidya kwa msewu, anasuzumira pakhomo atafunda pulasitiki kumutu. Iye ndi Nha Segunda ankaitanana mana, kutanthauza achemwali.

"Mana Segunda, tiyeni kumaliro. M'tauni muno mwatsala inu ndi mileme."

"Pitani, mana. Ine ndili ndi maliro anga muno, mazana atatu, ndipo onse anyowa."

Odete anayesetsa kuwakopa. Anati kwaphedwa ng'ombe ziwiri, mowa ukuyenda m'zidebe, ndipo achibale abweretsa nsalu zoluka zambiri moti malemuwo awakulunga nsalu makumi anayi ndi ziwiri, anenepa kuposa mmene analili ali moyo. Anati anthu aona kuti mayiwo sanabwere, ndipo anena. Nha Segunda anangoti anene, n'kutseka chitseko.

Pepala lonyowa silifuna phuma. Ukalikoka ling'ambika, ukalipinda lithyoka, ukaliyandikiza kumoto likhwinyata, ukalisiya mpaka m'mawa limamatirana ndi anzake n'kuchita chuku. Nha Segunda anayatsa nyali. Anatenga mpukutu wa chingwe chofiira chansalu, chija amamangira mitolo ya makalata, n'kuchikoka kuchokera kukhoma ili kukafika kukhoma ilo, mizere isanu ndi umodzi. Kenako anayamba kulekanitsa mapepalawo ndi mpeni wobuntha, limodzilimodzi, n'kumawayanika. La Ocante analiyanika kumapeto kwa chipinda, pafupi ndi tebulo lawo, poti aziliona.

Kumaliro ng'oma ya bombolom inkalira, kulengeza dzina la womwalirayo kumidzi ya kutsidya. Mvula inkachita ngati yasiya, kenako n'kubwereranso. Mayiwo anadya mpunga wozizira ndi kansomba ataimirira. Anapitiriza ntchito mpaka msana unayamba kudandaula.

Pakati pa usiku chinthu chinagunda chitseko.

Sichinagunde pamene munthu amagogoda. Chinagunda pansi penipeni, pafupi ndi simenti. Nha Segunda anaganiza kuti ndi nkhumba za aneba zikubisala mvula, ndipo anazitukwana osatembenuka. Chinagundanso, pomwepo, modekha. Nkhumba sidikira kuti uyankhe, koma ichi chinkagunda n'kudikira.

Ananyamula nyali n'kutsegula kuti athamangitse chimene chinalipo.

Pakhomo panaima munthu wodzaza khomo lonse. Kuchokera m'khosi mpaka m'akakolo anali mtolo wa nsalu, zakuda, zoyera, zamizeremizere, zonse zitanyowa. Pamwamba pa mtolowo panali kamutu kakang'ono ka mkulu wa imvi, thonje lili m'mphuno. Pansi panatuluka mapazi opanda nsapato, atadzaza matope. Manja sankaoneka, anali m'kati. N'chifukwa chake ankagogoda ndi phazi.

"Usiku wabwino, mwana wa Nanque," anatero Nhu Belmiro.

Asaname munthu, mantha anawagwira Nha Segunda. Anabwerera m'mbuyo osadziwa kuti akubwerera. Mkuluyo analowa pang'onopang'ono, timasitepe ting'onoting'ono, chifukwa nsalu zinamumanga miyendo. Fungo la mafuta odzoza maliro linadzaza chipinda.

Chimene chinawabwezera mtima Nha Segunda chinali madzi. Anaona mtolo uja ukudontha pasimenti yomwe iwo anali atangokolopa, pafupi ndi mabokosi ouma, ndipo ukali wawo wa masiku onse unadzuka mantha asanathe.

"Tatseka, Nhu Belmiro. Ndipo mukundinyowetsera pansi."

Mkuluyo sanakwiye. Analankhula mwaulemu, monga ankalankhulira m'sitolo mwake. Anati wabwera kudzapempha kanthu kakang'ono. Anati kudoko kuli bwato la akufa limene iye ayenera kukwera nyanja ikadzaza, koma pamlatho wokwererapo paima amuna makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi mwa aja anafera kundende, ndipo sakumupatsa njira. Akumufunsa kuti anawaloza kwa apolisi ndani. Iye wakana, ndipo ambiri mwa iwo sakutsimikiza, poti usiku umene ankagwidwa womasulirayo ankavala thumba kumutu. Koma Ocante, mmodzi mwa iwo, akuti pali pepala, ndipo adikira alimve likuwerengedwa.

"Liike pa nyaliyo, mwanangu. Ine manja ndilibe."

Nha Segunda anati pepala la m'nyumba imeneyo siliotchedwa.

Nhu Belmiro anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaponda nsonga ya nsalu yakunja ndi chidendene, n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi. Ankazungulira pang'onopang'ono, ng'oma ikulira kutali. Nsalu inamasuka n'kugwa pansi. Anasuntha kasitepe kamodzi kulowera kutebulo, n'kupondanso nsonga ya yachiwiri.

Apa Nha Segunda anamvetsa. Nsalu zikatha, manja atuluka.

Anaganiza zothawa nalo pepalalo. Koma kunja mvula inali itabwereranso mwamphamvu, ndipo pepala lonyowa kale likadafika kwa Odete litasanduka phala. Anaganiza zolikopera ndi pensulo, koma akuluakulu a kwa Nha Ampa akufuna kuona chidindo, osati zolemba za mayi wa ku Bolama. Anaganiza zokuwa. Akadamva ndani, tauni yonse ili kumaliro a munthu yemweyo?

Nsalu yachitatu inagwa, kenako yachinayi.

Nha Segunda anali atakulungapo maliro kawiri, a mayi awo ndi a amuna awo. Ankadziwa poyambira: paphewa lamanzere, kudutsa pachifuwa, kukoka kumsana, kuzungulira, n'kulowetsa nsonga m'kati molimba. Anaika nyali patebulo. Anawerama n'kutola nsalu imene inali itangogwa. Inali yolemera ndi madzi. Anaiponya paphewa la mkuluyo, n'kuyamba kuyenda momuzungulira mbali yosiyana ndi imene iye ankazungulira.

Kuzizira kwake sikunali kwa mvula. Kunkadutsa nsalu zonse zija n'kulowa m'zala mpaka m'zigongono. Mayiwo analuma mano, anakoka, analowetsa nsonga. Anatola ina.

"Ukuchita chiyani, Segunda?"

"Ndikukuvekani. Munthu wamkulu ngati inu kumavula pamaso pa mkazi wa eni?"

Usiku umenewo unali wautali. Mkuluyo ankamasula, mayiwo ankakulunga. Iye sankatopa, poti wakufa alibe msana womupweteka. Akagwetsa ziwiri, iwo ankabweza imodzi. Mtolo unkacheperachepera, ndipo kasitepe ndi kasitepe unkayandikira kumapeto kwa chipinda. Unadutsa pansi pa mzere woyamba wa mapepala, kenako wachiwiri. Paliponse pomwe mutu wake unkadutsa, mapepala ankagwedezeka popanda mphepo.

Nha Segunda ankapuma movutika. Thukuta linkatsika kumaso pomwe manja atauma ndi chisanu. Kuti asagwe anayamba kumukalipira, monga ankakalipirira aliyense wolowa m'menemo ndi bolopeni. Anamuuza kuti zaka zonsezi ankadutsa pakhomo limeneli n'kumavula chipewa, osalowa ngakhale tsiku limodzi kudzanena zimene ankadziwa. Anamuuza kuti akadangotsegula pakamwa ali moyo, agogo angati akadagona tulo. Mkuluyo anangozungulirabe.

Atadutsa mzere wachisanu anaima. Nsalu zinali zitatsala zochepa, moti mapewa ake ankaoneka. Mawu ake anatsika.

"Chabwino. Usaliotche. Tenga lumo udule pansi pokha, pamene pali dzina langa. Manda a Ocante alembedwa pamwamba. Mlongo wake apeza chimene akufuna, achita mwambo wake, ine ndikwera bwato langa. Waluza ndani?"

Apa mpamene Nha Segunda anatsala pang'ono kugonja, ndipo sikunali chifukwa cha mantha. Mawuwo anali omveka. Lumo linali pomwepo patebulo. Kachidutswa kake kanali kosaposa zala ziwiri, ndipo palibe akadadziwa, poti mapepala ambiri m'bokosimo anali odyedwa kale m'mphepete ndi chiswe. Manja awo anali atatheratu. Anayang'ana lumolo, anayang'ana pepala la Ocante likulendewera pachingwe, inki yake yofiirira ikuoneka bwinobwino.

Kenako anaganiza za mawa. Gogo uja adzakhala pampando uwu n'kunena kuti, ndiwerengereni zonse. Ndipo iwo, Segunda Nanque, adzawerenga n'kunena kuti zathera pamenepa.

"Zimene chiswe chadya, chadya," anatero. "Ine sindine chiswe."

"Unali khanda iwe. Sukudziwa mmene zinalili. Ndikadakana akadapha ine."

"Mwina n'zoona. Kawauzeni eniake, ali padokopo. Ine sindine woweruza, ndine wosunga."

Nhu Belmiro anayambanso kuzungulira, tsopano mofulumira. Nsalu zinkagwa motsatizana. Nha Segunda anaona kuti kukulunga kokha sikuthandizanso. Anatola nsalu zambiri nthawi imodzi, n'kumuunjikira mmene zinabwerera, yam'kati kunja, yakunja m'kati. Anatambasula dzanja n'kutenga mpukutu wa chingwe chofiira uja. Anazunguliza pachifuwa, m'chiuno, m'mawondo, akukoka ndi mphamvu zonse zimene zinatsala, monga amamangira mtolo wa makalata wofuna kumwazika.

Anachedwa pang'ono. Dzanja lamanja la mkuluyo linatulukira pakati pa nsalu, loonda, lotuwa, n'kulunjika kupepala. Panatsala danga losakwana chikhatho. Nha Segunda analowetsa mkono wawo pakati, ndipo dzanja lija linawagwira pamkono.

Ululu wake sanathe kuufotokoza ngakhale pambuyo pake. Ankangoti zinali ngati mkono wonse aumiza m'madzi oundana. Sanakuwe. Anaima pakati pa mkuluyo ndi pepalalo, msana wawo utatsala pang'ono kulikhudza. Nsonga imodzi ya chingwe anaigwira ndi dzanja lamanzere, inayo ndi mano, n'kumanga mfundo. Anamanganso ina pamwamba pake.

Anaima choncho, maso ndi maso. Mafuta m'nyali anatha, nyali inathima. Mumdimamo Nha Segunda ankamva mpweya wawo wokha, poti winayo sankapuma. Dzanja lija linkawakoka kuti apatuke, iwo ankaponda pansi molimba. Sanadziwe kuti padutsa nthawi yaitali bwanji. Ng'oma ya kumaliro inasiya. Mvula inasiya. Kenako kunayamba kumveka madzi a nyanja akumenya mwala wa kudoko, chizindikiro chakuti yayamba kudzaza.

Dzanja linamasuka. Anamva timasitepe tija tikubwerera kuchitseko, tikukhwekhwereza nsalu pasimenti. Pakhomo tinaima pang'ono. Sitinakhotere kudoko. Tinakhotera kumtunda, kunyumba ya maliro.

Odete anawapeza kutacha, atakhala pansi motsamira mwendo wa tebulo, chitseko chili chotsegula. Pasimenti panali matope ndi madzi kuchokera pakhomo mpaka kumapeto kwa chipinda. Mapepala onse anali pazingwe. Odete anayang'ana matopewo, anayang'ana mpukutu wa chingwe chofiira umene unali utatsala pang'ono kutha, n'kukhala pansi nayenso.

Analankhula monong'ona. Anati amayi amene anagona m'chipinda cha maliro akulumbira kuti palibe anatsinzina, ndipo malemuwo sanasunthe pakama. Koma kutacha anawapeza mapazi ali matope okhaokha. Nsalu zinali zitasokonekera, ya mkazi wawo imene inayenera kukhala pakhungu inali kunja. Thupi lonse linali lomangidwa ndi chingwe chofiira, mfundo zake zolimba moti anachita kudula ndi mpeni. Dzanja lamanja linali panja, ndipo amuna atatu alephera kulibweza m'kati. Ena akuti ndi ufiti wa mayi wa makalata, amene sanabwere kumaliro. Ena, makamaka okalamba, angoyang'ana pansi.

"Mana, munachita chiyani usiku?"

"Ndimayanika mapepala. Tandithandizeni kudzuka."

Mkono wamanja unali utalendewera. Zala sizinkapindika, ndipo sizinadzapindikenso mpaka lero. Nha Segunda anatsitsa pepala la Ocante ndi dzanja lamanzere. Linali litauma bwino, lathunthu. Analigoneka patebulo.

Bwato la kumtunda linafika nyanja itadzaza. Nha Ampa anakwera chitunda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, atasenza kamtolo kumutu. Analowa, anasamba m'manja pabeseni osauzidwa, n'kukhala pampando. Anayamba kupepesa kuti sakhalitsa. Anati amva m'bwato kuti lero akuika maliro a Nhu Belmiro, ndiye akachoka pano athamangira kumeneko. Anamasula kamtolo kaja kuti awaonetse. Munali nsalu yoluka yakuda ndi yoyera, yatsopano, imene anaisunga zaka zambiri. Anati Belmiro anali mnzake wa Ocante kuyambira ali anyamata. Ocante atagwidwa, ndi Belmiro yekha amene ankabwera kwawo chaka chilichonse ndi thumba la mpunga, kudzakhala ndi mayi awo mpaka anamwalira. Munthu wotere sangapite popanda nsalu ya banja la Té.

Odete anayang'ana Nha Segunda. Nha Segunda anayang'ana pepala. Chisoni chinawagwira kuposa mantha a usiku uja.

"Ndiwerengereni, mwanangu," anatero gogoyo. "Zonse."

Nha Segunda anawerenga Chipwitikizicho n'kumamasulira mzere ndi mzere. Dzina. Mudzi. Tsiku logwidwa. Tsiku lomwalira, miyezi isanu ndi itatu pambuyo pake. Manda, kuseri kwa khoma la kum'mawa, pansi pa mitengo ya kanjedza, achisanu ndi chiwiri kuchokera kuchitsime. Nha Ampa ankabwereza mawu aliwonse chapansipansi kuti asaiwale, misozi ikutsika osaipukuta.

Kumtunda ng'oma inayambiranso. Maliro anali atanyamuka, ndipo njira ya kumanda inkadutsa pakhomo lomwelo. Odete anadzuka kuti atseke chitseko. Nha Segunda anamuuza kuti achisiye.

"Pansipo palembedwanso chiyani?" anafunsa Nha Ampa. "Ndikuona pali dzanja la munthu lasainapo."

Nha Segunda anawerenga mzere wotsirizawo ndi mawu awo a masiku onse, osakweza, osatsitsa. Anthu akutsogolo kwa maliro anali atafika pawindo, ndipo ena anamva.

Gogoyo sanalire mokweza. Anayang'ana khamu la anthu likudutsa, ndi amuna onyamula maliro akupuma wefuwefu pakhomopo ngati katundu walemera mwadzidzidzi. Mdzukulu wa malemu, mayi wamkulu ndithu, anawaona gogowo ndi nsalu pamiyendo, ndipo anapatuka n'kuima pakhomo atatambasula manja mwaulemu kuti ailandire.

Nha Ampa anaipinda nsaluyo kawiri, anaipindanso, n'kuibweza m'kamtolo.

"Pitirirani, mwanangu," anatero. "Iyi ili ndi mwini wake. Mlongo wanga wakhala akugona wosafunda."